Kwa Nachisale, za sukulu yomwe yatenga mdzukulu wanu

Mufakose, Harare

Okondedwa Nachisale,

Moni wa masiku, anzanga. Nyemba zija zinafika, zadutsa Tete ndi Nyamapanda thumba lili chisokereni, ndipo ana a kuno omwe amanyoza nyemba aja akuchita kupempha zowonjezera. Ife tili bwino, kupatula bondo lija ndi magetsi omwe amabwera anthu atagona. Kaya inu ndi abambo kumeneko, ndi chisanu cha pa Lizulu?

Ndikanakuimbirani pa WhatsApp, koma nkhaniyi ndi yaitali ndipo netiweki ya kwanuko imadula mawu pakati. Komanso inu munagwira choko zaka zambiri, atsikana a pa Mlanda mumawaona akulowa ali ana n'kutuluka ali anamwali, ndiye ndikufuna muwerenge modekha, mundiyankhenso modekha. Safunsa anadya phula.

Mdzukulu wanu, woyamba wa mwana wanga wamkazi, namwino wathu uja, analemba mayeso ndipo wapatsidwa malo pa sukulu ya atsikana yotchedwa Presbyterian Ladies' College ku Melbourne, m'dziko la Australia. Eni ake amangoti PLC. Amuchotserako gawo la fizi chifukwa cha mmene wakhozera. Akayamba Year 7, yomwe kuno timati Fomu 1, kumapeto kwa Januwale. Povuta ndi apa: amake amagwira ntchito ku Mildura, m'mphepete mwa mtsinje wa Murray, makilomita oposa 500 kuchokera ku Melbourne, kutali kuposa pano ndi Bulawayo. Choncho mwanayo, wa zaka 12, akakhala wogonera konko. Pondiuza, amake anafuna kundiziziritsa mtima, akuti, "Musadandaule amayi, ndi sukulu ya mpingo wathu." Mawu amenewo ndiwo anandikhazika pansi kuwerenga zonse zomwe ananditumizira, ndi zina zomwe mnyamata wa mchimwene wanga anandifunira pa intaneti. Ine ndinabatizidwa m'CCAP, ndakalambira m'Chigwirizano, ndipo ndikudziwa kuti mpingo wathu uli ndi abale ambiri omwe sitinadyepo nawo mbale imodzi.

Sukuluyi inatsegulidwa mu 1875. Taimani kaye pa chaka chimenecho. Ndi chaka chomwe sitima ya Ilala inalowa m'nyanja yathu itanyamula Dr Robert Laws ndi anzake kukayamba Livingstonia ku Cape Maclear, ndipo Blantyre inatsatira mu 1876. Anthu ake ndi amodzimodzi, a ku Scotland, katekisma wake yemweyo. Ena analowera kwa ife kudzalalikira, ena anali atalowera kale ku Australia kukafuna chuma, makamaka golide atapezeka ku Victoria, chigawo chomwe kuli Melbourne, mu 1851. Chaka cha golidecho anayambitsa Scotch College ya ana awo aamuna. Ana aakazi anadikira zaka 24. Mu 1869 msonkhano waukulu wa mpingo wa Presbyterian ku Victoria unasankha komiti yoti ione za sukulu ya atsikana, ndipo inadzamangidwa pa malo a mpingo mu Albert Street ku East Melbourne.

Sikuti atsikana a kumeneko sankaphunzira kale. Timasukulu tinalipo, ta piyano, Chifalansa, kujambula ndi kakhalidwe ka pamaso pa alendo, zokonzera mwana kuti akwatiwe ndi munthu wooneka. Chachilendo cha PLC chinali chakuti anaika pa tebulo la mtsikana Chilatini ndi masamu omwewo a anyamata, n'kumamukonzekeretsa mayeso olowera ku University of Melbourne. Pamenepo n'kuti yunivesiteyo isanayambe n'komwe kulandira akazi. Inadzawalola kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880. Ankaphunzitsa ana kugogoda pa chitseko chomwe chinali chikadali chokhoma.

Mkulu wa sukuluyo anali mbusa, George Tait, koma za m'kalasi anazisiya m'manja mwa Charles Henry Pearson, Mngelezi yemwe anakhalapo pulofesa wa mbiri yakale ku King's College ku London. Bambo ameneyu wandisowetsa tulo, Nachisale. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mutu wa mtsikana ungasenze zomwe mutu wa mnyamata umasenza, ndipo maziko a sukuluyo anawayala pamenepo. Sanakhalitse. Anayamba kulankhula poyera kuti eni minda ikuluikulu azikhoma msonkho wa malo, pamene eni mindawo ndiwo anali makolo olipira fizi, ndiye mu 1877 anachoka. Analowa ndale, n'kudzakhala nduna ya maphunziro ya Victoria. Koma mu 1893 analemba buku lochenjeza azungu anzake kuti ikubwera nthawi yomwe anthu akuda ndi a ku Asia adzadzilamulira okha n'kumapanikizana ndi azungu pa mpando umodzi, ndipo iye ankaona kuti limenelo ndi tsoka. Mu 1901 nduna yaikulu yoyamba ya Australia, Edmund Barton, inawerenga mawu a m'bukulo m'nyumba ya malamulo pokometsera lamulo lotsekera kunja anthu osakhala azungu. Ndondomeko imeneyo inadzathetsedweratu mu 1973, ife tili kale ndi ana kumbuyo. Munthu yemwe anatsegulira atsikana ndi yemweyo anathandiza kutsekera ife. Ndaseka ndekha m'nyumba muno poona kuti zomwe ankaopazo zachitikira pa sukulu yake yomwe. Pa zithunzi zomwe ndatumiziridwa, atsikana ochuluka ndi a makolo ochokera ku China, ku India ndi maiko ena a kumeneko, ndipo mu Januwale muonjezereka chidzukulu cha mtchona wa ku Dedza yemwe anabwera ku Salisbury wapansi.

Zipatso zake sizinachedwe. Nellie Melba, woimba yemwe nkhope yake ili pa ndalama ya pepala ya 100 dollars ya ku Australia, monga mmene Rose Chibambo alili pa K200 yanu, anaphunzira pamenepo. Vida Goldstein anaima nawo pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya dziko lonse mu 1903, mmodzi mwa akazi oyambirira kutero m'maiko onse a pansi pa Britain. Anaima kasanu, sanapambaneko, koma sanaleke. Constance Ellis anakhala mkazi woyamba kulandira digiri yapamwamba ya udokotala ku Melbourne. Amene wandigwira mtima kwambiri ndi Flos Greig. Kuti mkazi aloledwe kuimira anthu pa milandu, boma la Victoria linachita kusintha lamulo mu 1903, ndipo mu 1905 iye anakhala loya wamkazi woyamba m'Australia monse. Ife loya wathu woyamba wamkazi ku Malawi, mayi Vera Chirwa, anadzapezeka m'zaka za m'ma 1960. Zaka 60 zapakatipo sizinabwere chifukwa choti atsikana a kwathu anali ogona.

Apa ndi pomwe pali mtima wa kalata yanga. Amishoni kwathu sanawataye atsikana, ayi. Ku Mvera ndi ku Nkhoma kunali nyumba zosungiramo atsikana, ndipo amayi anga ankayamika mpaka tsiku lomwalira kuti kuwerenga Buku Lopatulika, kusoka ndi kusamala khanda anaphunzira kwa adona. Koma cholinga chinali chodziwika: atuluke mkazi wabwino wa mphunzitsi kapena wa mlaliki. Kwa mwana wa mzungu ku Melbourne anafunsa kuti, mutu wakewu ungafike pati? Kwa mwana wa Mchewa anafunsa kuti, manja akewa angathandize yani? Mafunso awiriwa anatuluka m'nyumba imodzi ya mapemphero, m'zaka zomwezo. Pajanso ife a Nkhoma sitinachokere ku Scotland mwachindunji. Athu anali a Dutch Reformed a ku Cape, abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok omwe anamanga msasa pa Mvera mu 1889, ndipo tinadzalowa m'CCAP mu 1926, Livingstonia ndi Blantyre atagwirizana kale mu 1924. Ndiye mwana wanga akamati "mpingo wathu", ubale wake ndi wa msuweni wa msuweni.

Kuno ku Harare ndiye nkhani inali inanso. Abusa Vlok omwewo anabwera ku Salisbury mu 1912 kutsatira amuna a ku Nyasaland omwe anali m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'makhitchini a azungu. Unali mpingo wa m'makomboni, wa amuna osiya akazi kumudzi, ndipo unadzakhala sinodi ya CCAP mu 1965. Mpingo wotero sukanayambira pa sukulu ya atsikana, poti atsikanawo kunalibe. Pomwe ife tinkabadwa ku Highfield, zitseko zinali zochepa kwa wina aliyense wakuda. Sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda, Goromonzi, inatsegulidwa mu 1946, ndipo kwanuko Blantyre Secondary School inali itangoyamba kumene cha mu 1940. Pulani ya boma la Smith ya 1966 inkati mwa ana 8 omaliza pulayimale, mmodzi yekha ndiye apite ku sekondale yeniyeni ya mabuku. Pakhomo pakakhala ndalama ya mwana mmodzi, inu mukudziwa yemwe ankapita. Mukukumbukira abambo anga atanena kuti Sitandade 6 yamukwanira mtsikana, inu n'kulira m'malo mwa ine? Inu munapulumukira kwa amalume anu kumudzi mpaka kukafika ku kosi ya uphunzitsi. Ine JC ndinadzailemba ya usiku, mwana ali kumsana. Sindikuwaimba mlandu abambo anga, anali munthu wa nthawi yake ndi malipiro ake. Koma ndikamva kuti chidzukulu chawo chikaphunzira sayansi m'chipinda chokhala ndi zipangizo zonse, ndimaona kuti ndi ngongole yakale yomwe yayamba kubwezedwa.

Mpaka lero, ife a CCAP kuno tikafuna sukulu yabwino yogonera ya atsikana okhaokha timakagogoda kwa anzathu: Monte Cassino ku Macheke ndi St Dominic's ku Chishawasha za Akatolika, kapena Bonda ya Anglican. Zotsatira za Giredi 7 zikamayandikira, makolo amagona pa foni kufunsira malo a Fomu 1 pa intaneti, ndipo tsiku lotsegulira mukapita kufupi ndi Rotten Row mumapeza mabasi ali ndondondo, matiranki akuda olembedwa maina ndi penti yoyera, azimayi akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Inu kumeneko muli ndi mwayi womwe simuuona: Mlanda ili pakhomo panu, kumpoto kuli Ekwendeni, Bandawe ndi Karonga, zonse za atsikana, zonse za mpingo.

Ndibwerere ku Melbourne. Sukulu ya atsikana imeneyi inalamulidwa ndi amuna kwa zaka 63. Mkazi woyamba kukhala mkulu wake, Mary Neilson, anachita kuchokera ku Scotland mu 1938. Malo a m'tauni aja atachepa, anagula ena ku Burwood, kum'mawa kwa mzindawo, ndipo sukulu yonse inamaliza kusamukirako mu 1958. Ndi komwe ili mpaka pano.

Kenaka kunabwera mkangano womwe inu ndi ine tingaumvetse msanga, poti za malire a masinodi tazimva mpaka makutu kuwawa. Mu 1977 a Methodist, a Congregational ndi ambiri a Presbyterian ku Australia anaphatikizana n'kupanga Uniting Church. A Presbyterian ena anakana, anati ife titsala momwe tinalili. Zinakhala ngati maliro a munthu wamitala, nyimbo isanathe anthu ayamba kale kuwerenga mbuzi. Matchalitchi ndi masukulu anayenera kugawidwa, ndipo PLC pamodzi ndi Scotch College zinagwera kwa otsalawo. Makolo ndi ophunzira akale ambiri sanakondwe, nkhani inafika kukhoti, mpaka anagwirizana kuti sukulu iziyendetsedwa ndi bungwe lakelake momwe mpingo uli ndi mipando yake ndipo ena ali ndi yawo. Phulusa lake silinazizire msanga. Mkulu wa sukulu wokondedwa kwambiri, Joan Montgomery, yemwe anayamba mu 1969, anachoka mu 1985 bungwelo litakana kumuonjezera nthawi, makolo ndi ana akuchita kudandaula poyera. Ndipo mu 1991 mpingo wa Presbyterian wa ku Australia unasiya kudzoza akazi kukhala abusa. Ndiye mtsikana wa pa PLC amauzidwa kuti angakhale dokotala, woweruza milandu, ngakhale mtsogoleri wa dziko, koma guwa la mpingo womwe dzina lake lili pa chipata cha sukulu ndi la amuna. Izi sizinandidabwitse kwenikweni. Ife a Chigwirizano tamanga matchalitchi angati ndi ndalama za zitumbuwa, tikukhala kumbuyo?

Lero pali ophunzira pafupifupi 1,500, kuyambira a mkaka mpaka Year 12. Ambiri ndi oyendera, amabwera m'mawa pa tram, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, kapena pa galimoto za makolo n'kubwerera madzulo. Ogonera ndi ochepa, cha m'ma 100 basi, ena ochokera m'matauni akutali a m'dzikomo, ena a maiko akunja. Pomaliza amasankha mayeso a boma la Victoria, otchedwa VCE, kapena a International Baccalaureate omwe amadziwika m'maiko ambiri. Mapemphero ndi maphunziro a Baibulo zilipo, nyimbo ndiye ndi mwambo wawo kuyambira kale. Chaka amachigawa m'materemu anayi, osati atatu. Za fizi ndinachita kufunsa kawiri poganiza kuti ndamva molakwa: makalasi akumtunda amapitirira madola a ku Australia 30,000 pa chaka, yogonera ili padera. Ngakhale amuchotserako, zotsalazo zikutanthauza kuti mwana wanga azigwira mashifiti a usiku ndi a Lamulungu kwa zaka 6. Walira mvula walira matope.

Mantha anga sali pa mabuku. Mwanayo mutu ali nawo, anatengera agogo ake aakazi, ngakhale abambo a kuno amati ndi awo. Mantha anga ali pa kuchepa kwa ogonerawo ndi kulemera kwa oyenderawo. Pa Mlanda kapena pa Bonda aliyense ndi wogonera, nyemba zake ndi zomwezo, sopo akatha amathera onse. Uko belu lomaliza likalira, anzake ochuluka azipita kwa amayi awo, iye n'kutsala. Lolemba azimva za maulendo ndi maphwando omwe amake sangawakwanitse. Nkhaniyi si yatsopano pa sukuluyo. Mtsikana wina, Ethel Richardson, anali wogonera pamenepo m'zaka za m'ma 1880, bambo ake atamwalira, mayi ake akugwira ntchito pa positi ofesi ya m'tauni yaing'ono. Atakula anakhala mlembi wotchuka, akulemba ndi dzina lachimuna la Henry Handel Richardson, ndipo mu 1910 anatulutsa buku la mtsikana wosauka wa kumudzi yemwe anafika pa sukulu yotere n'kuphunzira kubisa umphawi wa kwawo ndi mabodza. Chimenecho ndicho ndikuopa, kuti mwana angayambe kuchita manyazi ndi yunifolomu ya unamwino ya amake, yomwe ikumulipirira zonsezo.

Palinso zathu zachikazi. Zaka 12 ndi msinkhu womwe mwana amafuna munthu wamkulu pafupi. Ife tinali ndi alangizi a mpingo, ena okoma mtima, ena oopseza mopitirira, komabe analipo. Uko adzamuuza za thupi ndi mabuku ndi zithunzi, ndipo mwina adzamuuza zoona zambiri kuposa zomwe tinauzidwa ife. Koma za ulemu, za kudzisunga, za mmene mkazi amayankhira mwamuna wa lilime lotsekemera popanda kumuopa, adzamuuza ndani m'chilankhulo chofika pamtima? Chichewa chake ndi cha moni ndi zikomo basi, Chishona ndiye chinatsala pa bwalo la ndege. Ngakhale tsitsi lomwe, Nachisale. Adzamuluka ndani?

Komabe ndawauza kuti apite. Ndinaganiza zoti ndinene kuti adikire afike Year 9 akhwimeko, koma malo ndi thandizo la fizi zaperekedwa tsopano, ndipo ine ndine munthu womaliza pa dziko lino woyenera kuuza mtsikana kuti sukulu idikire. Ndangoika mfundo zanga. Amake apeze banja la kwathu kapena la kuno ku Zimbabwe lokhala ku Melbourne komweko, anthu opemphera, oti azikamutenga Loweruka lina akadye nsima ndi kumva anthu akuseka m'chinenero chathu. Akuti mabanja otero alipo ndithu. Asanapite, amake akhale naye pansi amuuze zonse, osasiyira sukulu. Ndipo azindiimbira Lamulungu lililonse. Iwo ali patsogolo ndi maola 8, nyengo yawo yotentha 9, ndiye iye akamamaliza chakudya chamadzulo ine ndimakhala ndikutuluka m'tchalitchi. Tidzapeza mpata pamenepo. Ndamuuzanso mwana wanga kuti aleke kunena kuti ndi sukulu ya mpingo wathu. Ndi sukulu yabwino ya anthu ena, yomwe yatilandira, ndipo mwanayo akalowe akudziwa zimenezo, ndi mbiri ya Pearson yomwe, mbali zake zonse ziwiri.

Tsono pempho langa kwa inu ndi ili. Mwa atsikana omwe munawaphunzitsa, aja ochokera m'mabanja osowa omwe anakakhala pakati pa ana a mabwana, ndi chiyani chinkawalimbitsa ena pomwe ena ankasweka? Mundiuze zomwe munaona ndi maso, osati za m'mabuku a uphunzitsi. Chachiwiri, inu mwakhala mlangizi pa mpingo wanu nthawi yaitali. Mundilembere mawu omwe mumawauza ana ongotha msinkhu, aja mwaona kuti amathandizadi, musiye zoopseza zija za kuti ukathira mchere amayi ako adzatupa. Mulembe m'Chichewa chosavuta, amake akamuwerengere ndi kumumasulira. Isapitirire masamba awiri, ana a masiku ano akaona atatu amagona.

Mukapatsire mnyamata wa basi yemwe uja, amadutsa kawiri pa mwezi, kapena mdzukulu wanu wa kumeneko aijambule pa foni. Ifike Disembala isanathe, chifukwa amake atenga tchuthi sabata ya Khirisimasi ndipo ndi nthawi yokhayo yomwe adzakhale awiriwiri. Ine ndikutumizirani mafuta opaka a bondo omwe munafunsa aja ndi nsalu ziwiri, ina ndi ya apongozi anu aakazi. Mundiperekere moni kwa abambo, kwa amayi a Chigwirizano ndi kwa onse pakhomopo.

Ndine mnzanu wa kalekale,

Nabanda